Mutengeni Akadali Moyo

Chifuwa chinandiyamba m'mwezi wa Juni, chaka chimene tinavota koyamba posankha pakati pa zipani zambiri. Sichinabwere ndi ukali ayi. Kanali kachifuwa kouma, kokanda pakhosi m'mamawa, ndipo ine ndinkati ndi utuchi. Ndine kalipentala, ndipo masiku amenewo ndinkagwira ntchito mushedi ina ku Mchesi, m'mbali mwa msewu, pamodzi ndi anzanga anayi. Munthu wopala matabwa tsiku lonse akatsokomola palibe amene amatembenuka.

Ntchito yathu poyamba inali mipando, mabedi ndi makabati. Koma pofika zaka zimenezo mipando inkangokhala padzuwa mpaka vanishi kusuluka, pamene mabokosi a maliro sankagona mushedi. Mipando tinaisiya. Sindikunena monyada, koma ndinafika poti munthu akangodutsa pamsewu ndinkadziwa kutalika kwa bokosi lake osagwira tepi. Anzanga ankandiseka kuti tepi yanga ili m'maso.

Ndinalinso ndi pakamwa. Anamfedwa akabwera kudzagula bokosi, n'kuyamba kudandaula za galimoto yonyamula maliro kupita kumudzi, ine ndinkawauza nzeru imene aliyense m'tauni ankaidziwa: "Mukanamutenga akadali moyo." Wamoyo amakwera basi ngati wina aliyense, amakhala pampando. Womwalira amafuna galimoto yakeyake, ndipo mwini galimoto amadziwa kuti simungakane. Choncho munthu akayamba kuonda ndi kutsokomola, abale sankafunsa zambiri. Ankangoti "ndi zomwezi", kutanthauza Edzi, ndipo wailesi inali itatiuza kale m'mawa ndi madzulo kuti Edzi ilibe mankhwala. Chotsala chinali kumukweza basi miyendo isanafooke, akafere kwawo. Mawu amenewa ndinawanena kwa anthu ambiri, ndipo ambiri ankandithokoza.

Mkazi wanga anali Esnati, Naphiri, wa ku Dedza, chakuseri kwa Linthipe. Ine kwathu ndi ku Phalombe, koma kwathu kwa dzina lokha. Mayi anamwalira kalekale, munda unatsala ndi alongo anga, ndipo panali patapita zaka zisanu ndi ziwiri ndisanapondeko. Tinkakhala ku Biwi, m'chipinda chimodzi cha lendi, chazenera limodzi limene tinalikhomera katoni chifukwa cha mphepo ndi akuba. Esnati ankagulitsa tomato ndi masamba mumsika. Anali wamfupi, ankandifika pachifuwa, ndipo ankaseka msanga ngakhale pa nkhani yosaseketsa. Tinali titatha zaka zitatu m'banja, mwana tisanamuone.

Mu Julayi chifuwa chinayamba kutulutsa makhololo. Ndinkadzuka m'mawa bulangeti litanyowa ndi thukuta, chikhalirecho kunja kukuzizira koti mano kugundana. Chakudya chinasiya kukoma. Lamba wanga ndinamuboola mabowo awiri atsopano ndi msomali, anzanga asakuona. Mu Ogasiti Esnati naye anayamba kutsokomola. Tinamwa mankhwala a chifuwa a m'magolosale, tinamwa makapisozi ogula kumsika, tinafukiza masamba a bulugama titafunda bulangeti limodzi. Tsiku lina mu Seputembala ndinalavulira pa utuchi n'kuona magazi. Ndinakwirira ndi phazi n'kupitiriza kupala.

Esnati anandipempha kawiri kuti tipite kuchipatala. Ulendo wachiwiri anali akusankha tomato wophwanyika pakhomo, ndipo anati, "Inu, tiyeni tikayezetse. Mwina ndi chifuwa chabe."

Ine ndinati, "Kukatani? Tikakhale pamzere tsiku lonse kuti atipatse asipirini?"

Chifukwa chenicheni sichinali mzere. Chaka chapitacho ndinali nditayenda miyezi ingapo ndi mkazi wina wa ku Kawale, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti abale ake anamutengera kumudzi akudwala. Mumtima ndinali nditadziweruza kale. Ndinkaopa kuti dokotala adzatchula dzina la matendawo Esnati ali pomwepo, kenako Esnati adzandiyang'ana. Ndinaopa maso a mkazi wanga kuposa imfa yake. Mawu amenewa ndi oipa, koma ndi oona.

Kumayambiriro kwa Okutobala kunabwera amalume ake a Esnati, a Lingisoni, mwinimbumba. Mayi wina wogulitsa naye mumsika ndi amene anawatumizira uthenga. A Lingisoni sanali munthu woipa. Anali bambo wofatsa, wolima mbatata ya kachewere, wovala jekete ngakhale kukutentha, ndipo Esnati anamulera ndi iwo bambo ake atamwalira. Anabwera ndi kathumba ka mbatata. M'nyumba sanalowe, madzi athu sanamwe. Anakhala pa njerwa panja, chipewa chili pabondo, n'kumayang'ana mwana wa mlongo wawoyo mmene mafupa a m'khosi anatulukira.

"Akamwini," anatero, "mwana wathuyu tikamuonere kumudzi."

Esnati analira. Anati, "Nanga awa aziwaphikira ndani?" Kenako anati, "Amalume, bwanji mundiperekeze kaye kuchipatala, akandione, tikamve chimene anganene?"

A Lingisoni anazengereza. Ndinaona ndithu kuti azengereza. Anatembenukira kwa ine, munthu wa m'tauni, wodziwa za matenda ndi maliro, n'kufunsa kuti, "Inu mukuti bwanji?"

Ndinati, "Mutengeni akadali moyo, amalume."

Anatuluka okha mawuwo, ngati mmene ankatulukira kushedi. Esnati anasiya kulira. Anandiyang'ana kanthawi, maso amene ndinkawathawa aja, kenako analowa m'nyumba kukamanga katundu. Anandisiyira bulangeti ndi poto wamkulu, iye n'kutenga wamng'ono. Anayenda yekha mpaka pasiteji ya minibasi, osagwiridwa ndi munthu, ndipo panjira anapuma kawiri kokha.

Ndinakhala ndekha masabata anayi. Sabata yachiwiri ndinalephera kukweza pulena yopalira matabwa, ndinasiya kupita kushedi. Anansi anayamba kuitana ana awo akayandikira pakhomo panga. Pampopi ndikafika, amayi ankachotsa ndowa zawo n'kudikira patali mpaka nditachoka. Sabata yachitatu amayi eninyumba anaima pakhomo, atatseka pamphuno ndi nsonga ya chitenje, n'kundiuza kuti, "Zovuta pakhomo pano ayi. Itanani abale anu." Ndinawayankha kuti abale anga ali kutali. Iwo anati kutali ndi kumwamba kokha.

Amene ankabwera kudzandiona anali Yohane, mnzanga wa kushedi. Iye ndi anzathu ena aja anakhala pansi kukambirana za ine. Ku Phalombe kunali kutali, mudzi wathu palibe ankaudziwa, ndipo panalibe woti n'kundilandira. Atasowa kondiponya, anagwirizana zondipititsa kuchipatala. Yohane anandiuza yekha pambuyo pake kuti sankaganiza zoti ndikachira. Ankafuna ndikafere pamalo poti pali mochale, kuti eninyumba asawavutitse. Lolemba loyamba la Novembala anandikweza pa wilibala mpaka kumsewu, kenako pa kagalimoto konyamula matabwa.

Tinafika m'mawa, tinaonana ndi dokotala dzuwa litapendeka. Pabenchi sindinathe kukhala, ndinagona pasimenti anthu akundilumpha. Dokotalayo anali bambo wachinyamata, wa maso otopa. Anamvetsera pachifuwa ndi kumsana, anandikweza pasikelo, n'kundipatsa timabotolo titatu tolavuliramo makhololo. Anandigoneka m'wodi, pansi, pakati pa mabedi awiri, chifukwa mabedi onse anali ndi eni ake. Ndinadikira masiku atatu. Tsiku lachinayi anabwera ndi pepala.

"Bambo, muli ndi TB, chifuwa chachikulu. Chimachizika."

Ndinafunsa kuti, "Si zomwezi?"

"Magazi sitinayeze. Chimene taona m'makhololo ndi TB, ndipo TB ili ndi mankhwala, kaya munthu ali ndi kachilombo kaya alibe. Mumakhala ndi ndani kunyumba?"

Ndinamuuza za Esnati, za chifuwa chake, za chipinda chathu ndi zenera la katoni. Anaika cholembera pansi.

"Ali kuti?"

"Kumudzi."

"Abwere msanga. Ngati kuno n'kutali, apite kuchipatala cha boma cha kwawoko. Mankhwala ake ndi omwewa, ndipo salipiritsa."

Tsiku limenelo sindinadye. Munthu akauzidwa kuti achira amayenera kusangalala, koma ine ndinangoona Esnati akuyenda kupita pasiteji, kathumba kali pamutu.

Lamulo la nthawi imeneyo linali loti wodwala TB agone m'chipatala miyezi iwiri, jakisoni tsiku lililonse, makumi asanu ndi limodzi osadumpha. Anesi ankabwera m'mamawa ndi thireyi. Tinkafola, aliyense n'kutsitsa buluku, lero thako lamanja mawa lamanzere. Kwa ife oonda singano inkachita ngati yafika pafupa. Ukachoka apo unkalandira mapiritsi odzaza dzanja n'kuwameza anesi akuona, kenako kuyasamula kuti aone ngati sunabise pansi pa lilime. Mkodzo unasanduka wofiira, ndipo ndinachita mantha mpaka mnzanga wa pabedi la kumanja atandiseka kuti onse m'wodimo ndi choncho. M'makutu munkalira ngati muli nyenje. Kukacha phala, masana nyemba, madzulo nyemba kapena kabichi. Amene anali ndi owadikirira ankalandira tina ndi tina kuchokera kukhitchini ya panja. Ine ndinkadya za boma zokha. Lachisanu lililonse tinkakwera sikelo. Pakati pa zonsezi panali kudikira basi, kuyang'ana denga, kumvetsera chifuwa cha mnzako, ndi kuphunzira kulira kwa matayala a kangolo kopita kumochale.

Sabata yoyamba yomweyo ndinalemba kalata yopita kwa a Lingisoni. Ndinalemba zonse zimene dokotala ananena, ndipo ndinapepesa. Yohane anavomera kuipititsa yekha Lamlungu.

Podikira yankho ndinayamba kuzindikira chinthu china. Munthu wogona pansi amamva zambiri. M'wodimo munali anthu a ku Nsanje, a ku Mulanje, a ku Thyolo, a ku Karonga, ndi ena othawa nkhondo ku Mozambiki amene anatsalira m'tauni. A ku Dedza, ku Ntcheu, ku Dowa ndi midzi yozungulira Lilongwe anali owerengeka, chikhalirecho ku Biwi, ku Kawale ndi ku Mchesi iwowa ndi amene anali ochuluka. Kushedi tinkaziona mwa njira ina. Mabokosi athu ambiri ankapita njira ya ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo anthu anali ndi matanthauzo awo. Ena ankati a kummwera ali ndi magazi olimba. Ena ankati kumapiri kuja kuli ufiti wambiri. Ena ankati Angoni mowa ndi akazi zawatha. Inenso ndinkanena nawo zimenezi, ndikukhoma misomali.

Tsiku lina ndinafunsa anesi ena achikulire, amene ankabaya mosapweteka, kuti kodi a ku Dedza sadwala TB. Anayankha osakweza mutu. "Amadwala. Koma kwawo n'kufupi. Amakafera kwawo."

Dokotala uja naye ananenapo tsiku lina poyendera odwala, atapsa mtima ndi bambo wina amene anabwera naye mochedwa n'kumwalira tsiku lachiwiri. Anati, "Kachilombo ka TB n'kamodzi. Sikafunsa mtundu. A kumayadi akatsokomola masabata awiri amabwera ndi miyendo yawo, atadya, akugona chipinda chawochawo. Inu mumagona asanu m'chipinda chopanda zenera, mumadya kamodzi, kenako mumabwera pa wilibala mwezi wachisanu. Ndiye ena sabwera n'komwe. Mukamati mtundu wakuti ukufa kwambiri, muzifunsa kaye kuti anafika liti kuno."

Sindikunena kuti onse a m'wodimo anachira. Ena analidi ndi Edzi pamwamba pa TB, ndipo matupi awo analephera kulimbana nazo zonse ziwiri. Ena mwa omwewo chifuwa chinapola, anatuluka n'kukakhalako ndi ana awo zaka zina. Ena analibe kachilombo koma anachedwa. Chimene ndinaona ine ndi chakuti m'wodimo munthu anali ndi mwayi, waukulu kapena waung'ono. Amene anakwezedwa basi ndi abale owakonda analibe ngakhale waung'onowo. Akuluakulu amati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Ine chinandipulumutsa n'chakuti ndinali kanyama.

Yohane anabwera Lachiwiri. Anati anamupeza Esnati atagona m'kanyumba kayekha kuseri kwa nyumba ya amayi ake, ataonda kwambiri koma akulankhula, akudzuka yekha kupita panja. Abale ankamumwetsa mankhwala a tsempho, poti agogo ena ananena kuti mwamuna wake anamutsempha ndi chiwerewere. A Lingisoni anawerenga kalata yanga mokweza, anaipinda bwinobwino, n'kuiika m'thumba la jekete. Anati, "Mwana wathu sitingakamutaye kuchipatala ngati alibe kwawo. Matendawa tawaona, alibe mankhwala. Akamwiniwo akuwabaya chifukwa alibe kopita. Komanso anatiuza okha kuti timutenge."

Esnati anatuma Yohane mawu, komanso mtedza wokazinga womanga pakansalu. Mawuwo anali akuti, "Mukawauze amalize jakisoni. Akatuluka adzanditenge okha."

M'mawa mwake ndinapempha anesi kuti andilole ndipite ku Dedza tsiku limodzi. Anati, "Mukadumpha jakisoni matenda amabwerera atalimba. Komanso inu simungafike ngakhale pageti." Ndinayesa kuti ndiwatsutse. Ndinafika kumapeto kwa khonde n'kugwa, ndipo odikirira odwala anzanga ndi amene anandinyamula. Dokotala anandilembera kakalata kena, kachidindo, konena kuti mkazi wa wodwala uyu ayezedwe makhololo msanga. Ndinakatumiza kudzera kwa mayi wa mumsika uja. Yankho silinabwere.

Apa pali pamene sindifuna kubisa. Pofika jakisoni wa makumi atatu ndinali nditayamba kuyenda. Thukuta linasiya, chifuwa chinachepa, njala inabwera yoti ndinkanyambita mbale. Sikelo inayamba kukwera. Ndinali nditapezanso bedi, la bambo wa ku Nsanje amene anamwalira, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangochoka tsiku limodzi bedilo lipita kwa wina, mwinanso andichotsa m'buku ngati wothawa. Pageti ndinkafika tsopano, ndinkakagula nthochi kumeneko. Ndikanatha kutuluka m'mawa nditabayidwa, kukwera basi, kukaima pamaso pa a Lingisoni kuti aone ndi maso awo kuti munthu amachira. Kalata akanaikana, koma thupi langa sakanalikana. Sindinapite. Ndinkadziuza kuti Esnati wanena yekha kuti ndimalize, kuti masiku atsala pang'ono, kuti iye ndi wolimba. Zoona zake n'zakuti moyo unali utayamba kunditsekemera, ndipo ndinaukakamira.

Tsiku la jakisoni wa makumi anayi ndi atatu, Khirisimasi itayandikira, mvula ikugwa, Yohane anabwera m'mawa, nthawi yosakhala yoonera odwala, atavala zogwirira ntchito. Sanakhale pabedi monga ankachitira. Anakhala pansi. Ndinadziwa.

Esnati anali atamwalira Lamlungu, ndipo anamuika Lolemba. Yohane ankandiuza zimenezi Lachitatu. Abale a Esnati uthenga kwa ine sanatumize, poti anati wodwala sauzidwa maliro, komanso panalibe amene ankafuna kuona nkhope yanga pasiwa.

Ndinafunsa za bokosi. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina ndi ntchito. Yohane anandifotokozera zonse. Kushedi kwathu tinali ndi mwambo woti mmisiri mnzathu akamwalira, bokosi lake timakhoma tokha, osagula. Sabata imene ananditula kuchipatala, anzangawo anaona kuti palibe chodikira. Anasankha matabwa abwino, anandikhomera bokosi, analipaka vanishi, n'kuliimika kuseri kwa shedi atalifunditsa pepala. Abale a Esnati atabwera ku Mchesi Lamlungu lija anati mkamwini ndi amene wapha mwana wawo, ndiye bokosi lichokere kwa iye. Anzanga anawapatsa limene linalipo.

Ine ndine wamtali. Esnati ankandifika pachifuwa. Ndikudziwa zimene zimachitika bokosi likatalika, chifukwa ndinkawalangiza ndine anamfedwa: kumapazi mumapindirako nsalu ndi zovala kuti thupi lisamasereke ponyamula. Yohane anati abale ake anaikako zitenje zake zonse, koma malo anatsalabe.

Jakisoni otsalawo ndinamaliza. Sindikumbuka zambiri za masiku amenewo. Ndinkafola, kutsitsa buluku, kumeza mapiritsi, kuyasamula. Sikelo inapitiriza kukwera, ndipo zimenezi zinkandinyansa. Kumayambiriro kwa Januwale anayezanso makhololo n'kupeza kuti ali bwino. Ananditulutsa ndi khadi ndi mapiritsi a mwezi umodzi, n'kundiuza kuti ndizibwera mwezi uliwonse kudzatenga ena kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndisasiye ngakhale ndikumva bwino. Ku Biwi ndinapeza chipinda chathu muli anthu ena. Katundu wathu anali pakhonde la eninyumba, poto wamkulu uja atadzaza madzi a mvula. Yohane ananditenga kukakhala kwawo ku Mchesi.

Mu Febuluwale ndinapita ku Dedza kukaona manda. Nditatsika basi n'kulowa m'mudzi, amayi ena amene ankapalira m'mbali mwa njira anaponya makasu n'kuthawa. Iwo ankadziwa kuti ndinafa kalekale. A Lingisoni ndinawapeza pakhonde akusoka thumba. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, masaya atabwerera, lamba ali pabowo lake lakale.

"Ndiye kuti munachira?"

"Ndinachira, amalume."

"Mankhwala ake anali omwewo?"

"Omwewo."

"Kuboma kuno analipo?"

"Analipo."

Singano inagwa m'manja mwawo ndipo sanaitole. Patapita nthawi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makalata awiri aja, opindidwa bwinobwino, n'kundibwezera. Ndinabwera ndi mawu ambiri owalasa nawo, amene ndinawakonza ndili pabedi, koma ndinalephera kunena ngakhale limodzi. Iwo anachita zimene aliyense wokonda mwana wake ankachita masiku amenewo, ndipo anachita atafunsa ine. Anandiperekeza kumanda. Mtumbira unali wautali, wa msinkhu wanga.

Mapiritsi ndinamwa onse mpaka mu Julayi, osadumpha tsiku. Anayeza makhololo komaliza n'kulemba pakhadi kuti ndachira. Patapita zaka ziwiri ndinalimba mtima n'kukayezetsa magazi. Ndinadikira masabata awiri. Mlangizi anandiuza akumwetulira kuti ndilibe kachilombo ka Edzi, ndipo anadabwa kuona kuti sindikumwetulira nawo. Chinthu chimene ndinkabisa, chimene ndinakanira kupita kuchipatala, chimene ndinaperekera mkazi wanga kuti akafe, panalibe. Esnati anati mwina ndi chifuwa chabe. Chinali chifuwa chabe.

Lero ndili bwino. Chifuwa sichinabwererenso. Ndikakwera mtunda ndimapuma mofulumira kuposa anzanga, ndipo khutu lamanzere silimva bwino chifukwa cha jakisoni aja, koma pulena ndimakankha tsiku lonse. Ndimakhala ku Area 23, m'nyumba ya mazenera awiri amene ndimatsekula m'mawa uliwonse, kaya kuzizire. Ndimakhoma zitseko ndi madesiki. Bokosi ndimakhoma pokhapokha ngati wamwalira ndi mnansi, ndipo ndimakhoma pakamwa nditatseka.

Ndalemba izi chifukwa cha inu amene mukutsokomola, ndi inu amene muli ndi m'bale wotsokomola. Chifuwa chikapitirira masabata atatu, thukuta likamanyowetsa zofunda, lamba akayamba kukula, pitani mukayezetse makhololo. Musadziweruze nokha, musaweruzidwe ndi anansi, ndipo musafunse nzeru kwa wokhoma mabokosi. Ngakhale mukuopa kuti ndi zomwezi, pitanibe, chifukwa kuopa sikuyeza magazi. Mukapeza kuti ndi TB, tengani onse amene mumagona nawo chipinda chimodzi akayezedwe sabata yomweyo. Ndipo ngati mumamukonda m'bale wanu moti mukufuna akakhale kwawo, palibe wokuletsani, koma dzerani naye kaye kuchipatala akadali ndi miyendo yake.

Njira yake si yaitali. Ndinadzaiyesa tsiku lina nditachira. Ukaima padepoti, pamalo pamene Esnati anakwerera basi ya ku Dedza, denga la wodi imene ndinachiriramo limaoneka.